Ngakhale Mawu Oti Mayi Adachita Kubwereka

Pali anthu ena, ophunzira ndithu, amene akamva mawu obwereka amakwinya nkhope ngati alawa ndulu. Amati chiyankhulo chobwereka mawu n'chosauka, ndipo eni ake ndi akapolo a kumene mawuwo adachokera. Ine ndikukana. Mboni yanga ndikaitenga kutali, ku Finland ndi ku Estonia, m'mbali mwa nyanja ya Baltic.

Chifinishi ndi Chiesitoniya si pachibale ndi Chijeremani, Chiswidishi kapena Chingerezi. Mtundu wake ndi wina. Komabe mu 1869 katswiri wa ku Denmark, Vilhelm Thomsen, adaonetsa kuti mawu ambiri m'Chifinishi adachokera kwa makolo akale a Ajeremani ndi Aswidishi. Mfinishi amati leipä potchula buledi, lammas nkhosa, kulta golide, kuningas mfumu. Ena mwa mawu oterewa adalowa zaka zoposa 2,000 zapitazo.

Tsono tamverani za mfumuyi. Akatswiri atayerekeza ziyankhulo zapachibale ndi Chijeremani adapeza kuti makolo aja ankati kuningaz. Adzukulu awo adawadula mchira mawuwa: Mngerezi amati king, Mjeremani König, Mswidishi kung. Wobwereka uja ndiye adawasunga amphumphu, moti lero mwini mbewu akafuna kuona mbewu ya agogo ake amakasuzumira m'nkhokwe ya mlendo. Wosauka ndani pamenepa?

Chimene chimandigwira mtima ndi mawu oti äiti, kutanthauza mayi. Nawonso ngobwereka, Agothi, mtundu wakale wachijeremani, ankati aithei. Mawu akale a Chifinishi, emo, masiku ano amanena kwambiri make wa nyama, pomwe Aesitoniya akadali kuitana mayi kuti ema. Golide munthu angamphunzire pamsika, mfumu angaiphunzire pankhondo. Nanga mayi? Ine ndikuona maukwati: mwana akulira m'chiyankhulo cha make, mudzi wonse n'kutengera. Si ukapolo umenewo.

Musaganize kuti Afinishi ngolekerera. Mawu oti kompyuta adawakana, n'kupanga awoawo, tietokone, makina achidziwitso. Koma äiti sadamuthamangitse m'nyumba.

Mnzanga wina adandidzudzulapo chifukwa ndidalemba kuti sukulu m'nthano yanga. Ndidangomuyang'ana kumapazi. Adavala nsapato, ndipo ankazitchula choncho mosakayika, osadziwa kuti mawuwo tidawatenga kwa Apwitikizi, amene amati sapato.