Zaumoyo: Nkhawa ya Odwala Mtima Nayonso Imafuna Chithandizo

Ambiri mwa anthu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Workington mumzinda wa Harare amakhala ku Rugare, Kambuzuma ndi Mbare, komwe kulinso ana ndi adzukulu a Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito kalekale. Wina mwa iwo akayamba vuto la mtima, achibale amathamangira mapiritsi, koma mantha amene wodwalayo amagona nawo sawaona.

Mtima wa munthu wamkulu amene akupuma umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Mwa ena umagunda mosokonezeka, pena kuthamanga, pena kudumphadumpha. Vuto lofala kwambiri la mtunduwu ndi atrial fibrillation, ndipo kuno kwathu kawirikawiri limayamba kaamba ka kuthamanga kwa magazi kapena kuwonongeka kwa mavavu a mtima. Limachulukitsa pafupifupi kasanu chiopsezo cha sitiroko.

Munthu wouzidwa zimenezi amayamba kumvetsera mtima wake usana ndi usiku. Mantha amathamangitsa mtimawo, ndipo ukathamanga mantha amakula. Ena amaleka ntchito, kutchalitchi ngakhale kucheza, poopa kugwa panjira. Mapeto ake amavutika maganizo: tulo sitibwera, chakudya sichikoma, mankhwala amawadumphitsa. Kwa amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kudumphitsa koteroko kumaika moyo pachiswe.

Chithandizo chilipo pafupi. Mu 2006 Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi ndi munthu wovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kapena kuti kuganiza mopitirira muyeso. Amamumvetsera, n'kumuthandiza kusankha vuto limodzi loyamba kulithetsa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, wokhudza anthu 573 m'zipatala zazing'ono 24 za mu Harare, anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthu 14 okha mwa 100 alionse othandizidwa motere anali akadali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pomwe mwa olandira chithandizo chanthawi zonse anali 50.

Komabe benchi sililowa m'malo mwa dokotala. Womva mtima ukugunda mwachilendo ayenera kupimidwa ndi makina a ECG, monga kuchipatala cha Sally Mugabe kapena cha Parirenyatwa, chifukwa nkhawa ndi matenda a mtima zimaonetsa zizindikiro zofanana. Kukomoka, kupweteka pachifuwa, kupindika pakamwa kapena kufooka mbali imodzi ya thupi kumafuna chipatala nthawi yomweyo. Wodwala atchulenso mankhwala onse amene akumwa, pakuti ena ochiza kuvutika maganizo, monga amitriptyline, angathe kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Achibale nawonso ali ndi gawo. Poperekeza bambo kapena mayi kuchipatala, asamangonena za kugunda kwa mtima kokha. Auzenso dokotala ngati wodwalayo sakugona, sakudya kapena wasiya kutuluka m'nyumba.