Dzino la mu kompyuta silipweteka

Masiku apitawa ndinakhala nawo pamsonkhano wina, ija ya zakumwa zozizira ndi alawansi, pomwe bwana wina wa tayi anatiuza mosaphethira kuti tsogolo la maphunziro a madokotala a mano lili mu virtual reality. Akuti wophunzira azivala magalasi, n'kugwira kachida kolumikizidwa ku kompyuta, n'kumaboola dzino lomwe kulibe. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinakumbukira azakhali anga.

Azakhali anachoka cha ku Khosolo tsaya litatupa ngati abisamo bango. Anakwera njinga yamoto, kenaka matola. Pachipatala china anapeza mzere wautali, wozula mano mmodzi, mankhwala ochititsa dzanzi atatha. Anabwerera kumudzi atamanga mpango kuchibwano. Ndiye wina aziti vuto lathu ndi kusowa magalasi?

Tisaiwale komwe tikuchokera. Mpaka 2019 dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Ofuna ntchitoyi ankapita kunja, ndipo dziko lonse la anthu oposa 17 miliyoni linali ndi madokotala a mano osakwana 50. Maphunzirowa anayamba chaka chimenecho ku College of Medicine, yomwe lero ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Ndondomeko ya dziko yokhudza umoyo wa m'kamwa inabwera mu 2022. Mwana wangoyamba kukwawa, ena akumugulira kale njinga ya mpikisano.

Akuti makinawa ndi abwino chifukwa wophunzira akalakwitsa amangodina batani n'kuyambiranso. Eya! Pamenepo ndiye pali vuto. M'kamwa mwa gogo wa ku Emfeni mulibe batani. Muzu ukathyokera m'kati, wathyoka basi. Dzino la mu kompyuta silipweteka, silitulutsa magazi, silisefukira malovu. Mwini wake sanjenjemera akaona jakisoni, satseka pakamwa mwadzidzidzi, sakuluma chala.

Akuti ku Amsterdam amaphunzira chomwecho pa makina otchedwa Simodont. Zoona. Koma ku Amsterdam magetsi sathima dokotala ali pakati pozula dzino. Kuno makinawo akawonongeka, adzakonze ndani? Tidzawaphimba ndi nsalu pakona n'kumadikira katswiri wa pandege, monga tachitira ndi makina ena ambiri omwe tinawalandira ndi nthungululu.

Akutinso makinawa amapereka malikisi mosakondera. Tamvani zimenezo! Kompyuta idzayeza kuya kwa bowo, koma siidzaona kuti wophunzira walephera kulonjera munthu wamkulu. Kuno ku Mzimba wodwala amafotokoza ululu wake m'Chitumbuka. Mayi wa ku Edingeni akamaloza tsaya n'kumadandaula, magalasi aja adzamasulira?

Kaphunzitsidwe komwe akukanyoza kuti n'kachikale si kachabe. Wophunzira amayamba ndi mutu wa chidole wokhala ndi mano apulasitiki, chida chenicheni chili m'manja, madzi akuthovoka. Dzanja likakhazikika amapita kwa wodwala, mphunzitsi ataima pambali pake, wokonzeka kumugwira mkono asanawononge. Umo ndi momwe aphunzirira ma dental therapist a ku Malawi College of Health Sciences, omwe asenza mano a dziko lino zaka zonsezi. Luso limachoka m'dzanja kulowa m'dzanja. Ngakhale mbusa wa ng'ombe kwathu kuno saphunzira kukama poonera kanema.

Boma la Mzimba ndi lalikulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 900,000. Ngati ndalama zilipodi, gulani mipando, zozulira, zophikira zida ndi mankhwala omatira mano, kuti kuzula kusakhale yankho la dzino lililonse lobooka. Tumizani ophunzirawo ku Embangweni, ku Jenda, ku Luwerezi, akakhale miyezi ndi aphunzitsi awo, akaone m'kamwa mwa anthu omwe sanakhalepo pampando wa dokotala wa mano chibadwire.

Bwana wa tayi uja ndimufunira zabwino. Koma tsiku lomwe dzino lake lidzamudzutse pakati pa usiku, adzatiuze amene adzamutsegulire pakamwa: wozula mano zana a anthu, kapena katswiri wa dzino lomwe silinapwetekepo.