Mtima ukathamanga, maso anama

Mu February 2020, nthawi ija ya magasi, ndinatsika basi ku Chawama ca m'ma 20 hours, malaiti kulibe. Pa kona ndinaona munthu ali ciimire pa windo, kabotolo kumanja. Mtima unagunda, m'kamwa munauma, mau akuti "wa gasi!" anali kale pa lilime. Mwamwai anayamba ndi iye: "Mwacoka bwanji ku nchito, mwana wanga?" Anali ba neba, afuna kupopera mankhwala a udzudzu pa windo yao yomwe.

Maso anga analibe vuto. Akatswiri a za ubongo akuti cinthu cikaoneka mwa cimbuuzi, ubongo umalizitsa wokha cithunzico ndi zimene uyembekezera. Mantha akabwera, thupi litulutsa adrenaline, mtima uthamanga, ndipo mutu ufuna yankho manje-manje. Yankho lapafupi ni nkhani ija munamva m'basi m'mawa, olo pa WhatsApp.

Ici capha anthu. Mu April 2016, anthu ataphedwa ku George, mphekesera inaloza a ku Rwanda. Mashopu ao anaphwanyidwa, ndipo ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa. Apolisi anati onse awiri anali a Zambia anzathu. Nkhani ya magasi inayambira ku Chingola, ndipo mu 2020 anthu oposa 40 anaphedwa ndi magulu okwiya m'dziko muno. Ngakhale ophunzitsidwa agwa mu mbuna yomweyi: mu 1999 ku New York, apolisi anaombera Amadou Diallo zipolopolo 41 usiku, poona cikwama cake ca ndalama ngati mfuti.

Ena adzati, "Ukazengereza, kawalala athawa." Zoona, akawalala aliko, naine ananibelako foni. Koma foni ugula ina. Munthu wotenthedwa sabwelanso, ndipo amene akuwa coyamba ndiye amene mtima wake uthamanga kopambana.

Conco wina akakuwa "kawalala!" pa City Market olo pa Kulima Tower, musanatole mwala, pumani kawiri, mumufunse: "Waona ciani iwe mwini?" Ambiri othamanga ndi miyala sanaone ciliconse, aona cabe anzao athamanga. Ngati alikodi wolakwa, mugwireni, mupite naye kupolisi.

Ba neba aja akali kundipatsa moni m'mawa uliwonse. Sadziwa kuti usiku uja moyo wao unali pa lilime langa.