GALIMOTO YOPANDA MAPEPALA NDI YA YANI?

Pa mseu wocokera ku Moatize kupita ku Zóbuè timaona magalimoto akale ambiri. Ena amanyamula makala, ena mbatata ndi kabici, ena anthu. Tikafunsa mwini wake kuti, "Mapepala a galimotoyi ali kuti?" iye amayankha kuti, "Ndinagula ndi ndalama zanga. Mudzi wonse ukudziwa."

Ife tikukana mau amenewa. Mudzi ukudziwa, inde, koma mudzi sudzapita nafe ku polisi kapena ku khoti. Pamaso pa lamulo, mwini galimoto ndi amene dzina lake linalembedwa.

Tikudziwa m'mene mapepala ena anatayikira. Dziko lathu litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, Apwitikizi ambiri anacoka ndi kusiya magalimoto ao. Kenaka kunabwera nkhondo. Magalimoto ankayenda pa koluna, asilikali akuwaperekeza mpaka ku Zóbuè. Anthu anathawira ku Malawi, nyumba zinapsa, mapepala anapsera momwemo. Conco si onse opanda mapepala amene ali akuba. Koma mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Papita zaka zoposa 30. Galimoto imene tagula dzulo pa malire sitingainamizire nkhondo.

Galimoto ili ndi mapepala awiri akulu. Loyamba ndi livrete. Limanena za galimoto yokhayo: matrikula yake, mtundu wake, ndi nambala ya shasi. Limacokera ku INATRO, ofesi imene mpaka 2021 inkachedwa INATTER. Laciwiri ndi título de propriedade. Limanena dzina la mwini wake, ndipo limacokera ku Conservatória do Registo Automóvel. Galimoto yocokera kunja iyenera kuyamba yadutsa ku alufandega ndi kulipiridwa msonkho.

M'mudzi mwathu munali bambo wina wolima mbatata. Anasunga ndalama zaka zinai nagula kagalimoto konyamula katundu. Anagwirana canza ndi wogulitsa, basi. Bamboyo atamwalira, mai wamasiye anafuna kugulitsa galimoto kuti ana apitirize sukulu. Ogula anafunsa mapepala. Panapezeka livrete yokha, ndipo título inali m'dzina la munthu amene palibe anamuonapo. Lero galimotoyo yagona kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Thukuta la zaka zinai lasanduka khola.

Ena amati, "Makolo athu ankagula ng'ombe popanda pepala." Nzoona. Koma ng'ombe inkadziwika ndi nyakwawa ndi abusa onse, pamodzi ndi khola limene inabadwira. Galimoto ikhoza kubedwa ku Johannesburg Lolemba, ndi kufika pa Zóbuè sabata isanathe. Nyakwawa angaidziwe bwanji?

Ena amati, "Maofesi ali kutali, ndipo amacedwa." Apanso mpoona. Kucokera ku Moatize kupita ku Tete ndi makilomita pafupifupi 20, koma kucokera ku Zóbuè ndi oposa 100. Ulendo umadya ndalama, ndipo tili ndi ufulu wopempha kuti nchito zimenezi zibwere pafupi ndi anthu. Komabe mtengo wa shapa ndi wocepa tikauyerekeza ndi mtengo wa galimoto yolandidwa.

Mdani wathu wamkulu pa nkhaniyi ndi munthu wa kandonga. Iye amanong'ona kuti, "Musavutike, ndipatseni ndalama, mawa mapepala atuluka." Amatenga mapepala a galimoto imene inafa kale. Amapala nambala ya pa citsulo ndi kukhomapo ina. Tsiku limene apolisi adzaimitsa galimotoyo, iye adzakhala atawoloka malire. Wogwidwa ndi katundu wakuba adzakhala ife. Munthu wotere amakonda wogula wosadziwa kuwerenga, cifukwa kwa wosawerenga pepala lililonse la cidindo limaoneka labwino.

Nanga ticite ciani? Tisanatulutse ndalama, tiwerenge. Tipeze nambala ya shasi pa citsulo ca galimoto, tiipukute bwino, ndi kuifananitsa ndi ya mu livrete, cilembo cimodzicimodzi. Magalimoto ambiri opangidwa kuyambira 1981 ali ndi zilembo ndi manambala 17. Pakati pake sipakhala I, O kapena Q, cifukwa zimafanana ndi 1 ndi 0. Ngati citsulo capalidwa kapena caocheredwa pamalo pa nambala, tibwerere kunyumba ndi ndalama zathu.

Tiwerengenso dzina la mu título, ndi kulifananitsa ndi la pa B.I. ya wogulitsa. Akakhala maina awiri osiyana, tifunse cifukwa cake. Safunsa anadya phula. Tikagwirizana mtengo, tilembe pangano, mboni zisaine, ndipo tipite limodzi ku Tete kukasintha dzina.

Ngati galimoto ndi yathudi koma mapepala anapsa kapena anatayika, tisabisale. Tikanene ku polisi, atipatse kalata, ndipo tikapemphe mapepala ena ku ofesi imene inapereka oyambawo. Tipite tokha, tilipire pa zenera la ofesi, ndipo tilandire risiti. Ngati mwini woyamba sapezeka ndipo palibe umboni uliwonse, galimoto imeneyo tisaigule kuti tiziyendera.

Anzathu, zilembo zimene tikuphunzira m'kalasi muno ndi zomwezo zimene zili pa citsulo ca galimoto. Amene waphunzira kusiyanitsa B ndi 8 akhoza kupulumutsa ndalama za banja lake. Mnansi akafuna kugula galimoto, wina wa ife apite naye akamuwerengere.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi livrete ndi título zimasiyana bwanji?
2. Cifukwa ciani munthu wa kandonga amakonda wogula wosawerenga?
3. Kodi bambo wolima mbatata uja akanacita ciani tsiku logula?