Tinjira ta njinga ta m'mapiri a kwa Nankumba tisatitaye

Kwa mafumu athu, makolo, anzathu a kabaza, eni malo ogona alendo, ndi nonse okhala kapena ochezera dera la kwa Nankumba m'boma la Mangochi,

Takulemberani ndife gulu la anthu oyenda pa njinga zakapalasa ku Monkey Bay ndi midzi yozungulira. Pakati pathu pali a kabaza, ogulitsa usipa, okonza njinga ndi achinyamata operekeza alendo. Nkhani yathu ndi ya tinjira tafumbi ndi tamiyala timene timadutsa m'mapiri ndi m'mphepete mwa nyanja, kumene galimoto sizifika kapena zimafika mwa apo ndi apo. Tinjirati tikutha pang'onopang'ono, ndipo tonse tikungoyang'ana.

Aliyense amene anapalasapo pa msewu wa tala wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay akudziwa zimene zimachitika lole ikaliza hutala kumbuyo. Msewu ndi wopapatiza, ndipo wanjinga amangokhotera kumchenga ndi dengu lake lomwe, mtima uli m'mwamba. N'chifukwa chake ambiri a ife timakonda kulowa njira zamkati. Kumeneko mdani ndi mtunda basi: umatsika n'kukankha, thukuta lili kamukamu, anyani akukuyang'ana ali pamwala. Ukafika pamwamba nyanja imatulukira yonse, ndipo potsetsereka umangodalira mabuleki. Mwana wa sukulu amadutsa mopanda mantha. Mayi wobereka mwana amapalasa mosathamangitsidwa ndi wina aliyense.

Chimene ife timachitenga ngati umphawi, anzathu a kunja akuchifunafuna ndi ndalama. Kwabwera mtundu wa njinga zopangidwira misewu yafumbi ndi ya nsangalabwi, zopepuka koma za matayala okulirapo, ndipo okwera ake amayenda maulendo ataliatali kusaka malo opanda galimoto. Masewerawa akula moti mu 2022 ku Italy kunachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse wa njinga zoterezi. Koma tisapite kutali. Ku Rwanda, m'mphepete mwa nyanja ya Kivu, kuli njira yotchedwa Congo Nile Trail, ya makilomita 227 kuchokera ku Rubavu mpaka ku Rusizi, imene inatsegulidwa mu 2011. Dera lake ndi lamapiri otsikira kunyanja ngati lathu lino. Anzathu a ku Rwanda sanachite zodabwitsa ayi. Analumikiza misewu yafumbi ndi tinjira timene anthu a m'midzi ankayendamo kale, anaika zikwangwani, ndipo mlendo wapanjinga amatha masiku angapo akudya ndi kugona m'midzi ya m'njira.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ndalama. Mlendo wa pagalimoto amachoka pamphambano ya msewu wa ku Monkey Bay, kudutsa makilomita pafupifupi 18 osaima, n'kukalowa mumpanda wa malo ogona ku Cape Maclear. Midzi ya m'njira imangolandira fumbi. Wapanjinga ludzu limamugwira, njala imamupweteka, chubu chimaphulika. Amaima, amagula nthochi ndi madzi, amafunsa njira, amasiya kangachepe kwa womata chubu pansi pa mtengo.

Ndipo zoti aone zilipo. Paki ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse chifukwa cha mbuna ndi nsomba zina zosapezeka kwina. Ku Cape Maclear ndi kumene mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875 isanasamukire ku Bandawe mu 1881, ndipo manda a amishoni oyambawo alipo mpaka lero. Mwala wa Mphini uli m'mphepete mwa msewu wopita ku Cape Maclear. Wa pagalimoto amaudutsa ngati mphezi, koma wanjinga amaima n'kufunsa kuti mphinizo anatema ndani.

Tsono vuto lathu loyamba ndi mipanda. Malo a m'mphepete mwa nyanja akugulidwa, ndipo wogula akafika amayamba ndi kuzungulitsa njerwa kapena waya, nthawi zina mpaka kumadzi. Kanjira kamene agogo athu ankapita nako kudooko, kumanda kapena kwa achibale m'mudzi wina kamangothera pakhoma. Wanjinga amabwerera, kuzungulira, n'kukatulukira pa msewu wa malole womwe ankauthawa uja. Sitikudana ndi chitukuko. Ena mwa ana athu amagwira ntchito m'malo amenewa. Koma njira si ya wogulitsa malo, choncho sangaigulitse pamodzi ndi munda wake. Mafumu athu, inu ndinu mumadziwa pamene njira iliyonse inkadutsa. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti oyang'anira malo m'midzi. Tikupempha kuti malo asanasainidwe, mfumu ndi komiti aziyamba ayenda ndi wogula n'kumuonetsa njira, ndipo zilembedwe pa pepala kuti njirayo ikhala yotsegula. Mpanda ukamangidwa kale, mlandu wake umatha zaka, ndipo wosauka sawina.

Kwa inu amene munamanga kale, sitikubwera ndi nkhwangwa. Tikupempha mpata woti njinga ziwiri zipatukirane, kumbuyo kapena m'mbali mwa mpanda wanu. Alendo anu omwe ndi amene adzayambe kuugwiritsa ntchito. Kumbukiraninso kuti mu 2024 nyanja inakwera n'kumiza magombe ndi nyumba zambiri m'boma lino. Madzi akatseka njira ya kugombe, anthu amadalira ya kumtunda. Ikakhala kuti nayonso ili mumpanda, adutsa kuti?

Vuto lachiwiri tinalibweretsa tokha. Mitengo ya m'mapiri tatha kuotcha makala ndi kuwambira nsomba, ndiye mvula ikagwa madzi amathamanga osapeza choagwira, n'kusandutsa njira kukhala chigwembe. Ntchito yokonza siifuna mainjiniya. Ndi makasu, miyala ndi udzu wa vetiva: kukumba ngalande zopatutsa madzi pamitunda, kutchinga tizigwembe ndi miyala tisanakule, ndi kufukula makalavati okwiririka. Nthawi yake ndi September ndi October, mvula isanayambe. Tikupempha makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera (ma VDC ndi ma ADC) kuti posankha ntchito zachitukuko asamangoganiza za msewu wolowa galimoto. Kanjira kopita kusukulu nakonso kalembedwe.

Anzathu a njinga zamoto, tiyankhulane ngati abale, pakuti ambiri mwa inu munayambira pa yakapalasa. Tikudziwa kuti wodwala akafunika kuchipatala usiku, ndinu mumathandiza, ndipo palibe angakuletseni pamenepo. Koma masana, pa kanjira kopapatiza kokhotakhota, liwiro lanu ndi loopsa kuposa la lole, chifukwa lole timaimva ili patali ndipo sitiyembekeza kukumana nanu pakona. Pamene pali msewu waukulu wofika komwe mukupita, yendani mumsewumo. Pamene palibe, chepetsani moto, lizani hutala musanakhote, ndipo wokwera mtunda ndi katundu mumusiyire njira. Tikufuna tikhale pansi ndi atsogoleri a masiteji anu kuti tigwirizane tinjira timene tisiyidwe kwa oyenda pansi ndi apanjinga yakapalasa okha.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Midzi ngati Chembe, Msaka ndi Mvunguti yazunguliridwa ndi paki, ndipo m'pakimo munthu sangangolambula njira yatsopano poti wafuna. Talonjezana kuti sitidula mtengo kapena kutsegula kanjira katsopano, ndipo njira iliyonse ya m'paki imene tifune kuonetsa alendo tiyamba takambirana ndi akuluakulu oyang'anira pakiyo. Mlendo tizimuuza zolipira polowa, zoti sajambula munthu asanapemphe, ndiponso zoti akafika pamudzi pali maliro atsike njinga n'kukankha monga timachitira tonse. Za maswiti ndi ndalama zoponyera ana m'njira tizimuletsa ndithu. Sitikufuna ana othawa sukulu kukadikira azungu pamtunda.

Chimene tayamba ndi kulemba tinjira tonse mudzi ndi mudzi: pamene kayambira, pamene kathera, pamene pali mjigo, pamene pali wokonza njinga, ndi pamene patsekedwa. Mapu a pafoni sadziwa zambiri mwa izi, koma agogo amene anayendamo ali anyamata akudziwa. Tikafika m'mudzi mwanu tidzayamba kwa amfumu. Tikupempha kuti mudzatipatse munthu wamkulu mmodzi woti atiyendetse, ndipo tsiku lokonza njira likadzalengezedwa, khomo lililonse lidzatulutse khasu limodzi.

Ndife anzanu,
Oyenda pa njinga zakapalasa a kwa Nankumba