Magetsi Akabwera ku Unit D, Chimabwera N'chiyani?

Magetsi akayaka usiku ku Unit D, ku Chitungwiza, ana a m'mabanja a Achewa amakuwa kuti "abwera!" Pali ophunzira ena amene amaseka mawu amenewa. Amati ndi umboni wakuti Chichewa sichingasenze sayansi, popeza magetsi sabwera ngati mlendo. Anthu otere ayambe aunika Chingerezi chimene amachitamacho.

Mawu akuti current anachokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake n'kuthamanga. Amachititsa mwana kuganiza za madzi a mumtsinje. Komatu m'waya mulibe mtsinje. M'waya wa kopa wonenepa sikweya milimita imodzi, wonyamula ampeya imodzi, maelekitironi amakwawa mtunda wosafika masentimita 30 pa ola. Ngakhale nkhono imawasiya m'mbuyo. Pa liwiro limenelo, ulendo wa makilomita pafupifupi 300 wochokera ku Kariba ungawatengere zaka zoposa 100.

Ndipotu ulendowo sauyamba n'komwe. Magetsi a ZESA amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, choncho maelekitironi amangonjenjemera pamalo amodzi. Amene amayatsa babu ku Unit D anali m'waya wa nyumbayo kuyambira tsiku limene unaikidwa, ndipo a ku Kariba sangadumphe thiransifoma. Chimene chimafika m'kuphethira kwa diso, pa liwiro loyandikira la kuwala, ndi mphamvu yowakankha. Aliyense amene anaonapo chimtali akudziwa zimenezi: ng'oma ikalira, bwalo lonse limadikula nthawi imodzi, koma palibe mayi amene wathamanga kuchoka kwa woimba ng'oma kukafika kumapeto. Mwana wokuwa kuti "abwera" sanalakwe. Mphamvuyo yabweradi.

Chingerezi chili ndi chilema china chimene ochitamawo sachitchula. Mabuku ake amajambulabe magetsi akulowera mbali yosemphana ndi kumene maelekitironi amalowera, potsata ganizo la Benjamin Franklin, amene anamwalira kalekale J.J. Thomson asanatulukire elekitironi mu 1897. Palibe amene anachotsa Chingerezi m'kalasi pa chifukwa chimenecho. Aphunzitsi amangofotokoza, phunziro n'kupitirira.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe mdzukulu wa matchona a ku Malawi amaloweza za current m'Chingerezi, n'kukhoza mayeso akukhulupirirabe kuti maelekitironi amathamanga kuchokera ku Kariba.