Rauta ikadwala, iyezeni kaye musanaitaye

Tsiku lina m'dzinja lapitali, mayi wina amene amathandiza za umoyo m'mudzi wa kufupi ndi pa Boma pano anandiimitsa ndikutuluka mu wodi. Sanabwere ndi wodwala. M'chikwama mwawo munali kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri, rauta imene mwana wawo wa ku Johannesburg anawatumizira kuti banja lonse lizilumikizana pa intaneti.

"A dokotala, chafa ichi. Lero ndi tsiku lachinayi malipoti anga osapita. Loweruka ndilowera ku Blantyre ndikagule china."

Ndinawafunsa zomwe timafunsa wodwala aliyense: zayamba liti, chasintha n'chiyani pakhomo, nanga mukuona zotani? Zinapezeka kuti chaja ya rautayo inapsa usiku wina magetsi atabwera mwadzidzidzi, ndipo mdzukulu wawo anailumikiza ku chaja ya wailesi. Pabowo inkalowa bwinobwino, koma mphamvu yake inali yochepa, motero nyali zinkayaka, n'kuzima, n'kuyakanso. Titatembenuza rautayo tinapeza kapepala kolembedwa kuti imafuna 12V. Tinapeza chaja yoyenera, ndipo madzulo omwewo malipoti anapita. Amene akudziwa msewu wathu nthawi ya mvula amvetsa ndalama ndi thukuta zimene mayiwo anapulumutsa.

Wina afunsa kuti nkhani ya rauta ikufuna chiyani patsamba la zaumoyo. Kuno ku Neno, kuyambira mu 2007 pamene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo, ntchito yaikulu imachitikira m'makomo. Othandiza a m'midzi ndi alangizi a zaumoyo amayendera amayi oyembekezera, ana onyentchera, odwala TB, a shuga ndi a BP. Zambiri zimene kale zinkalembedwa m'mabuku tsopano zimalembedwa pafoni. Foni imasunga zolembazo ngakhale netiweki palibe, koma sizifika kwa ife mpaka italumikizidwa ku intaneti. Lipoti likagona m'foni masiku anayi, ndiye kuti kwa masiku anayi palibe amene akudziwa kuti agogo ena sanabwere kudzatenga mankhwala.

Maganizo anga ndi akuti marauta ambiri amene timati afa, safa. Timawataya kapena kuwathiriranso bandulo chifukwa sitinafufuze, monga momwe kale tinkaperekera mankhwala a malungo kwa mwana aliyense wotentha thupi. Lero timabaya chala n'kuyeza magazi tisanapereke LA, chifukwa kutentha thupi kumabweranso ndi chibayo, zilonda za kukhosi ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Mawu akuti "intaneti sikugwira" ali ngati kutentha thupi. Akukuuzani kuti pali vuto, koma sakukuuzani pamene lili.

Chofunika kumvetsa n'chakuti pali misewu iwiri. Woyamba umachoka pafoni yanu kupita ku rauta, ndipo umenewo ndiwo WiFi. Wachiwiri umachoka pa rauta kupita ku nsanja ya kampani ya foni, kudzera pa SIM khadi imene ili mkati mwa rautayo. Kachizindikiro ka WiFi pafoni kakhoza kudzaza, inu n'kumati zonse zili bwino, pamene msewu wachiwiriwo waduka. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, n'kuyamba kumenya rauta ndi chikhatho ngati wailesi yakale.

Ndiye yambani ndi zosalira ndalama. Yesani foni ina ya m'nyumbamo: ikagwira, vuto lili pa foni yanu. Mafoni onse akakana, yang'anani nyali za pa rauta. Ya magetsi ikhale yoyaka osaphethira. Ya netiweki ikakhala yofiira kapena yozima, rauta siikumva nsanja. Tulutsani SIM khadi ija, muiike m'foni, muone ngati bandulo ilipo komanso ngati tsiku lake silinadutse. Mukatero yesani intaneti pafoni pomwepo. Ikakana ngakhale pamenepo pomwe bandulo ilipo, rauta yanu ilibe mlandu. Funsani aneba amene ali pa laini yomweyo, ya TNM kapena ya Airtel, ndipo ngati nawonso akudandaula, chatsala n'kudikira kapena kuimbira kampaniyo.

Mankhwala oyamba, amene amachiza zambiri, ndi kuzimitsa. Zulani rauta pa soketi, muwerenge mpaka 30, mulumikizenso, ndipo muipatse mphindi ziwiri kapena zitatu kuti ipeze netiweki. Rauta ndi kakompyuta kakang'ono, ndipo kakayaka masiku ambiri osapuma kamayamba kusokonezeka. Koma musasokoneze kuzimitsa ndi kubaya kabowo kakang'ono ka kumbuyo kolembedwa Reset. Kabowo kameneko kamafufuta zonse zimene zinakonzedwa: dzina la WiFi, pasiwedi, nthawi zina ngakhale zimene zimathandiza rauta kulankhulana ndi kampani ya foni. Ndaonapo achinyamata akuthamangira kubaya ndi waya wa pepala asanaone n'komwe ngati bandulo yatha. Kumeneko n'kuyamba ndi opareshoni pamene Panado akanakwana.

Koma chimene chimapha marauta kwenikweni kuno ndi magetsi. Tikukhala kufupi ndi Nkula ndi Tedzani, kumene mtsinje wa Shire umapukusira magetsi a dziko lino, koma izi sizitipatula ku mavuto a ena onse. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuzima kwenikweniko sikuononga rauta. Choopsa ndi mphindi imene magetsi akubwerera, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola, ndipo choyamba kupsa ndi chaja. Magetsi akazima, zulani rauta pakhoma, ndipo akabwera dikirani pang'ono akhazikike. Kunja kukayamba kung'anima ndi kugunda, zulaninso, chifukwa mphenzi siifuna kugwa padenga lanu kuti ikuotchereni zipangizo; imatha kuyenda m'mawaya kuchokera patali. Amene angathe agule kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, kofanana ndi kamene timaika pa firiji.

Chaja ikapsa, musangotola iliyonse yolowa pabowo. Mavoti olembedwa pa chaja, nambala yotsatana ndi V, afanane ndendende ndi olembedwa kunsi kwa rauta. Nambala yotsatana ndi A ikhoza kukhala yofanana kapena yokulirapo, koma isachepe. Yochepa ndi imene inavutitsa mayi aja; ya mavoti opitirira imaotcha rauta kamodzi n'kamodzi. Ubwino wake rauta simadya magetsi ambiri, imafanana ndi babu limodzi la masiku ano, choncho batire ya sola ya pakhomo ikhoza kuiyendetsa usiku wonse. Kumbukirani chabe kuti nsanja nayonso imadalira magetsi. Kuzima kukatalika, rauta yanu ikhoza kuyaka pa sola koma osapeza woyankhula naye.

Kwa amene ali ndi ka MiFi ka batire, pano ndiyankhule ngati wachipatala. Batire ikatupa mpaka chivindikiro kutukuka, lekani kuigwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Musaiboole, musaiponye pamoto wa zinyalala, ndipo musaisiye pamene ana angaitole. Batire zoterezi zimatha kuyaka moto. Kaŵirikaŵiri zimatupa chifukwa chosiyidwa pachaja usana ndi usiku kapena kutchajidwa pansi pa pilo.

Malo oika rauta nawonso ndi nkhani. Neno ndi wa mapiri, ndipo nyumba ziwiri zoyandikana zikhoza kumva nsanja mosiyana kwambiri. Yendani nayo rauta m'nyumba, zenera ndi zenera, mukuyang'ana nyali za netiweki, ndipo pamene zayaka zambiri muikhazike pomwepo, pamwamba. Malata, zitseko zachitsulo, makoma ochindikala ndi mgolo wodzaza madzi zonse zimafooketsa mafunde ake. Amayi athu amakonda kuphimba chinthu chilichonse chamtengo ndi kansalu koluka, ndipo ndimamvetsa chifukwa fumbi la m'chilimwe si lamasewera. Koma rauta imapumira m'timabowo ta m'mbali mwake. Mukaiphimba, makamaka mu Okutobala kumadera otentha monga Lisungwi ndi Zalewa, imatenthedwa n'kumadzizimitsa yokha. Ipukuteni ndi nsalu youma, muone ngati nyerere sizinamange mkati, basi. Ngati rauta yanu ikuonetsa mayina awiri a WiFi, lina la 2.4 ndi lina la 5, dziwani kuti la 5 limathamanga koma silipita patali, pamene la 2.4 limadutsa makoma bwinoko. Wogona kuchipinda chakumapeto asankhe 2.4.

Dandaulo lina limene ndimalimva kaŵirikaŵiri n'lakuti bandulo ya mwezi yatha m'sabata imodzi. Musanatukwane kampani, werengani mafoni amene akudya nawo. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri, ndipo ambiri timadziwa imodzi yokha. Ya WiFi ndi imene mwana wanu anapatsa mnzake, mnzakeyo n'kupatsa ena atatu amene madzulo amakhala pakhonde kuseri kwa nyumba akuonera mpira. Yachiwiri ndi yolowera mkati mwa rauta, pa adiresi yolembedwa kunsi kwake, monga 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Marauta ambiri amachoka kufakitale ndi mawu akuti admin, amene mnyamata aliyense wa sekondale amawadziwa. Lowani, muone mndandanda wa mafoni olumikizidwa, musinthe mapasiwedi onse awiri, ndipo pa chitetezo musankhe WPA2 kapena WPA3. Mafoni a m'nyumba momwemo nawonso amadya mwakachetechete: akangoona WiFi amayamba kudzikonza okha ndi kukweza zithunzi, poganiza kuti intaneti ndi yaulere. Zimenezo zimatsekeka pafoni.

Kwa anzanga oyenda m'midzi ndinene mosabisa: woba WiFi sindiye amene angawerenge mayina a odwala anu. Chinsinsi cha wodwala chimatuluka mosavuta kudzera pa foni yosakhoma imene mwabwereka mwana kuti aonere kanema, kapena pa chithunzi cha buku la kuchipatala chimene mwaponya m'gulu la WhatsApp. Khomani foni ya ntchito, ndipo ikhale ya ntchito.

Makolo ena amandifunsa ngati rauta siyambitsa khansa kapena kuumitsa ubongo wa mwana. Mafunde a WiFi ndi a mtundu wa mafunde a wailesi. Ndi osiyana ndi a X-ray, amene ife timabisala kuseri kwa khoma tikamajambula, chifukwa alibe mphamvu yothyola tizigawo ta m'maselo. Bungwe la WHO linanena mu 2006 kuti palibe umboni wokhutiritsa woti mafunde ofooka a nsanja za foni ndi WiFi amadwalitsa. Chimene ine ndimaona ndi maso ndi china: ana obwera ndi mutu ndi kusinza m'kalasi chifukwa anagona mochedwa ali pafoni. Malangizo a WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe kanema wa pafoni kapena pa TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kuzimitsa rauta nthawi yogona ndimakuvomereza, koma chifukwa chake ndi tulo ta ana ndi bandulo yanu.

Pali nthawi imodzi imene sindikufuna kumva kuti munali kalikiliki ndi rauta. Mwana akamakomoka, akamapuma mothamanga nthiti zikulowa, akamasanza chilichonse kapena kukana kuyamwa. Mayi woyembekezera akamataya magazi kapena mutu ukamamuwawa kwambiri maso akuchita chidima, nyamukani kupita kuchipatala chapafupi osadikira kuti uthenga wa pa WhatsApp udutse. Kuimba foni sikufuna bandulo. Palinso nambala ya Chipatala Cha Pa Foni. Ilembeni papepala pamodzi ndi ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi ya wa njinga yamoto amene amayankha usiku, mumate pakhoma. Othandiza a m'midzi musataye mafomu otumizira odwala; foni ikakana kutumiza, lembani pamanja, wodwala anyamule kalatayo, ndipo lipoti la pafoni lidzatsatira netiweki ikabwera.